Kachigamba

Pepala lija linali ndi masamba khumi ndi anayi.
Sisitala Nachilima anandiwerengera lonse,
pang'onopang'ono, ngati wooloka msewu wa Lumumba ali ndi mwana kumsana.
Anati: Amayi Ekelina, mankhwalawa ndi oyesa chabe.
Khansa yanu yafika patali. Sitikulonjeza kanthu.
Mukafuna kuleka mudzaleka, palibe wokukalipirani.
Ndinafunsa ngati tsitsi lidzathothokanso.
Anati sakudziwa.
N'chifukwa chake ndinamukhulupirira.

Ndinasaina osanjenjemera.
Dzanja ili lalowetsa ulusi pa diso la singano zaka makumi atatu
m'kashopu ka ku Kamwala, kuseri kwa ogulitsa zitenje.

Tsopano pa botolo la magazi ndine ziro, folo, seveni.
Kompyuta ya kutali ndiyo inachita maere:
ena tilandire atsopano, ena akale omwe aja.
Ngakhale adokotala sadziwa zili m'thumba langa la diripi.
Lachiwiri lililonse ndimaliyang'ana likudontha
ngati mpopi wa ku Mtendere mu Okutobala,
n'kulifunsa chamumtima: kodi iwe ndiwe yani?

Masauso anakwiya.
Akusandutsani khoswe, amayi.
Kutchalitchi nako manong'onong'o:
magazi onsewo amapita nawo kuti?
Ndinamuuza m'minibasi, tikubwerera:
usanasoke diresi la mkwatibwi
umayamba wayesa makina pa kachigamba,
uone ngati ulusi ukukoka, ngati singano ikudumpha.
Iye anati: ndiye inuyo ndinu kachigamba?
Kondakitala anapempha ndalama. Sindinayankhe.
Usiku wonse mawuwo ankandibaya
ngati phini woiwalika m'khosi la malaya.

Pa mpando woyandikana ndi wanga pankakhala a Sikazwe,
ziro, fili, wani, woyendetsa sitima wopuma pa ntchito.
Ankabwera ndi mandimu awiri, limodzi langa,
ati kununkhiza khungu lake kumaletsa mseru.
Ankatchula masiteshoni onse kuchoka ku Livingstone mpaka ku Kitwe
kuti diripi ithe msanga.
Sabata yatha anafika pa Kabwe, n'kugona.
Lero pa mpandopo pali mtsikana wa nsapato zofiira,
amayi ake aima pambali, agwira pepala la masamba khumi ndi anayi.
Ndimu ndagula ndekha pa geti.
Ndalidula pakati.

Dzulo anandionetsa chithunzi cha chiwindi changa,
mtambo wotuwa wokhala ndi kadontho kakuda.
Chotupa chaphwa mamilimita atatu.
Adokotala akuti tisavine msanga,
mwina ndi mankhwala, mwina ndi mmene ndinagonera m'makinamo.
Koma mamilimita atatu ine ndimawadziwa.
Ndi amene amachititsa zipi kutseka
kapena mkwatibwi kulira m'mawa wa ukwati.

M'kamwa muli zilonda. Tiyi akukoma ngati msomali.
Zala zachita dzanzi, ulusi ukuphonya diso,
mdzukulu wanga Tisauke ndiye amandilowetsera.

Masauso, yankho lako ndi ili, ngakhale lachedwa.
Mwina ndinedi kachigamba.
Koma telala sapempha chilolezo kwa kachigamba,
ine anandipempha, kawiri, ndipo mawa ndikhoza kukana.
Ndiponso, ukukumbukira thumba lija linkakhala pansi pa makina?
Sindinatayepo n'kamodzi komwe.
Chofunda chimene unkagonera mu Juni, ku Chawama,
denga likudontha mame,
ndinachisoka ndi zigamba zokhazokha.

Ndamuuza sisitala kuti zotsatira zikadzatuluka,
zaka ziwiri kaya zitatu,
ngati foni yanga sidzayankhidwa, aimbire yako.
Udzafunse kuti m'thumba muja munali chiyani.
Ndikufuna wina wa kwathu adzadziwe.

Pakali pano ndadula yunifolomu ya Tisauke ya Januwale.
Mpendero ndaupinda waukulu,
woti n'kudzaumasula kawiri akamakula.
Womasulayo adzapeza misoko yanga ili yowongoka.